Yankho kwa achimwene a ku Luchenza pa vuto la API yokana kubweza deta

Achimwene, mwalemba kuti pulogalamu yanu yokoka ma invoice kuchokera mu sisitimu ya akaunti kudzera pa API (njira imene pulogalamu imapemphera deta ku sisitimu ina) imagwira bwino m'mawa, koma dzuwa likakwera imayamba kubweza nambala ya vuto 401, ndiponso kuti ngakhale itagwira, lipoti limabwera ndi mizere 100 yokha pamene mukudziwa kuti malonda anali ochuluka kuposa pamenepo. Ambiri akuyankhani kuti ndi netiweki, koma ine sindikugwirizana nawo, chifukwa 401 ndi yankho lochokera ku seva (kompyuta imene imasunga deta n'kumayankha mapempho), kusonyeza kuti pempho lanu linafika ndithu, kungoti seva sinakuzindikireni. Netiweki ikadula simulandira nambala yotere, pulogalamu imangodikira mpaka kulemba timeout, kusonyeza kuti nthawi yodikira yatha.

Ndikukayikira token yanu, kiyi ya kanthawi imene pulogalamu imaonetsa seva kuti ikuzindikireni. Pa masisitimu ogwiritsa ntchito OAuth 2.0 (njira yoperekera ma token amenewa), yankho lobweretsa token kawirikawiri limakhala ndi gawo lotchedwa expires_in, lomwe limawerengedwa m'masekondi, kotero mukaona 3600 mudziwe kuti pakatha ola limodzi token imeneyo yatha ntchito. Ngati mumaikopera pamanja m'mawa n'kuiika mu code, n'chifukwa chake masana mukukanidwa. Konzani kuti pulogalamu izipempha yokha token yatsopano pogwiritsa ntchito refresh token, yomwe ndi token ina yokhalitsa yopemphera yatsopano. Musasokoneze zimenezi ndi 403, imene imatanthauza kuti seva yakudziwani koma akaunti yanu ilibe chilolezo choona zimene mwapemphazo, ndipo pamenepo wokuthandizani ndi amene amapereka zilolezo mu sisitimu. Mukadzaona 429, ndiye kuti mwapempha mowirikiza kwambiri, ndipo muyang'ane ngati yankholo lili ndi Retry-After, imene imanena nthawi yodikira musanapemphenso.

Za mizere 100, deta yanu sinatayike ayi. API zambiri zimapereka deta m'masamba, ndipo inu mukuwerenga tsamba loyamba lokha. Onani kumapeto kwa JSON (kalembedwe kamene yankho la seva limabweramo) ngati kuli next, page kapena offset, ndipo mupitirize kupempha mpaka masamba atatha.

Mukakonza ziwirizi pali chinthu china chimene chingakusokonezeni, ndipo ine chinandisowetsa tulo pamene ndinkathandiza fakitale ina ya tiyi kuno ku Thyolo. Inali nyengo ya mvula, masamba a tiyi atachuluka, makina akugwira ntchito usiku wonse. M'mawa uliwonse kalaliki ankabwera ndi buku lake la makilogalamu, chala chili pa mzere womaliza, kundionetsa kuti chiwerengero chake chikusiyana ndi cha pa kompyuta, ndipo kunena zoona ndinayamba kumuganizira kuti akulakwitsa kuwonkhetsa. Wolakwa ndinali ine. Seva inkasunga nthawi ya UTC (muyezo wa nthawi wa dziko lonse lapansi), pamene nthawi ya kuno ku Malawi ili patsogolo ndi maola awiri, choncho zonse zolembedwa kuyambira pakati pa usiku mpaka 2 koloko m'bandakucha zinkawerengedwa ngati za dzulo lake. Mukamasefa ndi tsiku, lembani deti lonse m'kalembedwe ka ISO 8601 (chaka, mwezi, tsiku, kenako nthawi) n'kuika +02:00 kumapeto. Samalaninso kuti chizindikiro cha + chikakhala mu URL (adiresi ya pempho), seva zambiri zimachiwerenga ngati mpata, kotero chilembeni kuti %2B, apo ayi mudzalandira 400 (pempho lolakwika) kapena masiku olakwika popanda chenjezo lililonse.

Musanasinthe kalikonse mu code, yesani pempho lomwelo mu Postman kapena ndi curl (zida zoyesera mapempho a API), kamodzi m'mawa ndi kamodzi masana, kenako mutitumizire muno yankho lonse limene seva yabweza, osati nambala yokha, popeza uthenga wa mkatimo nthawi zambiri umatchula chimene chalakwika. Koma mufufute token ndi mayina a makasitomala musanatumize, chifukwa gulu lino lili ndi anthu ambiri amene sitikuwadziwa.