Chinakweza mitengo ku Russia ndi ku Poland n'chiyani, ndalama kapena kumasula mitengo?

Achemwali ena amene akuphunzira zachuma pa yunivesite anditumizira imelo. M'kalasi anawaphunzitsa kuti mitengo imakwera ndalama zikachuluka kuposa katundu. Koma powerenga za maiko amene anasiya chikomyunizimu m'ma 1990, apeza kuti mitengo inalumpha pompo boma litangosiya kuilamula, banki yaikulu isanaonjeze n'komwe ndalama. Akufunsa kuti: "Ndiye wolakwa ndani, ndalama kapena kumasula mitengo?"

Achemwali, mwaona bwino, koma pali matenda awiri amene anagwa motsatizana, ndipo anthu amawasakaniza. Oyamba ndi kulumpha kwa mitengo kamodzi n'kamodzi. Achiwiri ndi kukwera kosalekeza, mwezi ndi mwezi. Onse awiri gwero lake ndi ndalama, kungoti oyambawo ndi ndalama zakale, achiwiriwo ndi zatsopano.

Tiyambe ndi zakalezo. Ku Soviet Union mtengo wa buledi, nyama ndi nsapato unkaikidwa ndi boma, ndipo unkakhala zaka osasuntha. M'nthawi ya mtsogoleri Mikhail Gorbachev malipiro anakwera, pomwe thumba la boma linkaphwa: mafuta anatsika mtengo pa msika wa dziko lonse mu 1986, ndipo nkhondo yolimbana ndi uchidakwa imene inayamba mu 1985 inadula msonkho wa kachasu wawo uja, vodika. Boma linatseka dzenjelo ndi ndalama zatsopano. Poti mitengo inali yomangidwa, ndalamazo zinasanduka mizere. Munthu ankayenda ndi kachikwama ka ulusi m'thumba, akaona mzere n'kuimapo asanafunse chimene chikugulitsidwa, nambala yake atamulemba ndi bolopeni padzanja. Ndalama zotsala, zosowa chogula, ankakaziunjika m'buku la Sberbank, banki ya boma yosungira ndalama. Boma linkadziwa za mulu umenewu, n'chifukwa chake mu January 1991 nduna yaikulu Valentin Pavlov anachotsa mapepala a 50 ndi 100 ruble, n'kupatsa anthu masiku atatu okha osinthira. Sizinathandize kwenikweni, zinangowonjezera kusakhulupirira ruble.

Tsono pa 2 January 1992, pamene nduna yoyang'anira zachuma Yegor Gaidar anamasula mitengo yambiri ku Russia, zinali ngati kugumula dziwe: madziwo sanabwere ndi wogumulayo, analimo kale. M'mwezi umodzi wokhawo mitengo inakwera pafupifupi katatu ndi theka. Ku Poland, pamene ndondomeko ya nduna ya zachuma Leszek Balcerowicz inayamba mu January 1990, inakwera pafupifupi 80 peresenti m'mwezi umenewo. Ku Czechoslovakia, kumene boma lachikomyunizimu linali losamala ndi chuma ndipo mulu wa ndalama unali wochepa, kulumpha kwa January 1991 kunali pafupifupi 25 peresenti basi.

Pamene ndikufuna muikepo maso ndi pa miyezi yotsatira, chifukwa apa maiko anasiyana njira. Poland inakweza chiwongoladzanja, inadula ndalama zothandizira makampani a boma, inaika msonkho wowawa pa kampani iliyonse yokweza malipiro kupyola malire, ndipo inamanga ndalama yake, zloty, pa 9,500 pa dola imodzi. Pofika March 1990 mitengo inkakwera ndi peresenti yosakwana 5 pamwezi. Mankhwalawo anali owawa ndithu, ulova unapitirira 16 peresenti pofika 1993, ndipo mpaka lero alipo a ku Poland amene dzina la Balcerowicz safuna kulimva. Koma motowo unazima.

Ku Russia nako unkaoneka ngati ukuzilala. Pofika August 1992 kukwera kwa pamwezi kunali kutatsika pansi pa 10 peresenti. Koma mabwana a mafakitale a boma sanasinthe khalidwe. Ankapangabe katundu wopanda womugula, kutumizirana zipangizo osalipirana, mpaka ngongole za pakati pawo zinafika ma ruble pafupifupi 3 thililiyoni pakati pa chakacho. Katswiri wa ku Hungary, János Kornai, anali atafotokoza kale khalidwe limeneli: kampani ya boma siopa kuluza poti ikudziwa kuti boma liipulumutsa. Ndipo linaipulumutsadi. Mu July 1992 Viktor Gerashchenko anatenga utsogoleri wa banki yaikulu, n'kutsegula mpopi wa ngongole ku mafakitale, ku minda ya boma ndi ku madera a kumpoto. Chiwongoladzanja cha bankiyo chinali 80 peresenti pachaka pomwe mitengo, pofika kumapeto kwa chaka, inkakwera kupitirira 20 peresenti pamwezi. Ngongole yotere ndi mphatso basi. Chaka cha 1992 chinatha mitengo itakwera ndi 2,500 peresenti.

Gerashchenko anali ndi mfundo yake, ndipo ndi bwino muimve. Ankati mitengo yakwera kale, mafakitale akusowa ndalama zoyendetsera ntchito, choncho banki ikungotsatira mitengo. Zooneka ndi maso zinkamuikira umboni: m'miyezi ya pakati pa 1992 mapepala a ndalama ankasowadi, ogwira ntchito osalandira malipiro poti makina osindikiza sankakwanitsa. Koma ine ndimati anaiyang'ana chadodolido. Mukaika pamodzi ziwerengero za mwezi ndi mwezi za zaka zimenezo, ndalama ndi zimene zimatsogola, mitengo n'kubwera m'mbuyo patatha miyezi itatu kapena inayi. Ngongole za July ndi August zinaonekera pa msika mu October ndi November.

Panalinso chisokonezo china chimene mabuku ena amangochidumpha. Soviet Union itagwa, maiko atsopanowo anapitiriza kugwiritsa ntchito ruble. Mapepala ankasindikizidwa ku Russia kokha, koma banki yaikulu ya dziko lililonse inkatha kulemba ngongole za ruble m'mabuku ake, makampani ake n'kukagula nazo katundu ku Russia. Wopereka ngongole amadya yekha phindu, kukwera kwa mitengo n'kugawana onse. Ndani akanadziletsa? Estonia inathawa msanga: mu June 1992 inabweretsa ndalama yakeyake, kroon, 8 pa mark imodzi ya Germany, ndi lamulo loti kroon iliyonse ikhale ndi ndalama yakunja kumbuyo kwake. Ukraine inatulukanso, koma inanyamula mpopi uja, ndipo mu 1993 mitengo inakwera kupitirira 10,000 peresenti. Pobweretsa ndalama yatsopano, hryvnia, mu 1996, imodzi inkasinthidwa ndi 100,000 za ndalama yakaleyo. Maiko awiriwa anachokera m'nyumba imodzi, onse anamasula mitengo, ndiye kumasulako sikungakhale yankho lonse.

Chenjezo langa ndi lakuti musayembekeze kuti ndalama zikakwera ndi 10 peresenti mitengo ikweranso ndi 10 ndendende. Anthu akataya chikhulupiriro, salola ndalama kugona m'nyumba. Akalandira amathamangira ku kanyumba kosinthira madola kapena kukagula shuga. Ndalama zomwezo zimazungulira mwamsanga, mitengo n'kuthamanga kuposa makina osindikiza. Chikhulupiriro chikabwerera zimatembenuka, ndalama zimatha kuchuluka mitengo osatekeseka kwenikweni. Komanso ku Russia, mpopi utatsekedwa cha m'ma 1995, mafakitale anayamba kusinthana katundu ndi katundu, antchito ena n'kumalipidwa matawulo kapena matambula, amene ankakagulitsa m'mbali mwa msewu ndi pa masiteshoni a sitima. Malonda amenewo simuwapeza m'chiwerengero cha ndalama cha banki yaikulu.

Polemba pepala lanu, gwiritsani ntchito ziwerengero za pamwezi, chifukwa za pachaka zimaphimba kuchedwa kuja. Miyezi iwiri kapena itatu yoyamba mitengo itamasulidwa muipatule payokha. Ndipo kuposa ndalama zonse zozungulira, tsatirani ngongole zimene banki yaikulu inkapereka ku boma, ku makampani ndi ku mabanki. Ngati mphunzitsi wanu akufuna dziko loyesera mfundoyi, tengani Bulgaria. Inamasula mitengo mu 1991, koma moto waukulu unabuka mu 1996 ndi 1997, banki yaikulu itakhuthulira ndalama m'mabanki ogwa ndi m'thumba la boma. Mu February 1997 mokha mitengo inakwera kupitirira 240 peresenti, ndipo pa 1 July chaka chomwecho dzikolo linamanga ndalama yake, lev, pa 1,000 pa mark imodzi, njira yomwe ija ya Estonia.