Chapati chofewa pa sitovu yamagetsi: yankho kwa mayi wa ku Johannesburg

Mayi wina amene amakhala ku Johannesburg wandilembera imelo yodandaula kuti chisamukireni m'nyumba ya lendi momwe saloledwa kuyatsa mbaula, machapati awo akumatuluka olimba, osapindika, chonsecho ufa ndi kakandidwe n'zomwe zija ankachita ali ku Mzuzu. Akuti m'nyumbamo muli sitovu ya induction, ndipo mchemwali wawo amene amaphikira pa hotipuleti akukumananso ndi vuto lomweli. Funso lawo ndi lakuti: kodi chapati chofewa chimatheka pa makala pokha?

Mayi, ndathokoza kwambiri chifukwa cha funso lanu, ndipo ndikufuna ndiyambe ndi kukulimbitsani mtima kuti chapati chofewa chimatheka bwino lomwe pa magetsi. Chimene chimafewetsa chapati ndi madzi amene amatsalira mkati mwake chikapsa. Popeza chapati n'chopyapyala, chikakhalitsa pa chiwaya madzi aja amauluka onse, ndipo chotsalacho chimauma gwa. Makala oyaka bwino amatenthetsa chiwaya kwambiri, kotero chapati chimapsa msanga madzi asanathe. Tikafika pa magetsi, ambirife timaopa kupsereza, choncho timachepetsa moto n'kumadikira mphindi zinayi kapena zisanu kuti mawanga ofiirira aoneke, osadziwa kuti nthawi yonseyo chapati chikuuma. Ndikukhulupirira kuti vuto lanu lagona pamenepa.

Sitovu ya induction imagwira ntchito mosiyana ndi zonse zimene tinakula nazo. Pansi pa galasi lija pali waya wa kopa wokulungidwa mozungulira, ndipo magetsi akamadutsa m'wayamo amapanga mphamvu ya maginito imene imatenthetsa chitsulo cha chiwaya chenichenicho. Galasilo limangotentha chifukwa chokhudzana ndi chiwaya. N'chifukwa chake mapoto a aluminiyamu, amene adzaza m'makhitchini athu, sagwira ntchito pa sitovu imeneyi pokhapokha atawaika chitsulo kunsi kwake. Njira yoyesera ndi yosavuta: tengani maginito, ngakhale aja omata pa chitseko cha firiji, muwagunditse kunsi kwa chiwaya. Akamatirira mwamphamvu, chiwayacho n'choyenera.

Komatu kumatirira kokha sikukwanira. Chiwaya chopyapyala chimatentha mofulumira kwambiri pakati, pamene pali waya uja, m'mbali muli mozizirirapo, ndipo mukangoikapo chapati, chiwayacho chimazizira nthawi yomweyo chifukwa sichisunga kutentha. Zotsatira zake ndi chapati chopserera pakati koma chouma m'mphepete. Ine ndimalangiza chiwaya cholemera cha chitsulo chakuda chija chotchedwa cast iron, chosalala kunsi kuti chikhale bwino pa galasi. Poti muli ku Johannesburg, m'masitolo a amwenye a ku Fordsburg mukhoza kufunsa chiwaya chotchedwa tava, chimene anthu a ku India amaphikira machapati. Koma onetsetsani kuti kunsi kwake n'kwafulati, chifukwa ma tava ena ndi obulungira kunsi, opangira moto wa gasi, ndipo amenewo sakhazikika pa induction.

Chiwaya cholemeracho chitenthetseni pang'onopang'ono. Musathamangire nambala yapamwamba kwambiri, chifukwa induction ili ndi mphamvu zoti ikhoza kupinda chiwaya chopanda kanthu, ndiponso chitsulo chakuda chimachedwa kufalitsa kutentha kuchoka pakati kupita m'mbali. Ikani pa moto wapakatikati kwa mphindi pafupifupi zisanu, kenako mukweze pang'ono. Manambala amasiyana sitovu ndi sitovu, choncho musadalire nambala imene wina wakuuzani. Wazani kaufa pang'ono pa chiwaya: kakafiira m'masekondi owerengeka osachita utsi, chiwaya chafika. Kakada nthawi yomweyo, moto wachuluka. Dziwaninso kuti mukanyamula chiwaya kuchichotsa pa galasi, kutenthetsa kumaima pompo, ndipo masitovu ambiri amayamba kulira kapena kuzima, choncho chiwaya chisiyeni pamalo pake, muzizungulitsa chapaticho. Ndi bwinonso kuchepetsa kukula kwa machapati anu kuti akhale pafupifupi masentimita 15 mpaka 18, kuti asapitirire malo amene chiwaya chimatenthadi.

Kwa achemwali anu a hotipuleti nkhani ndi ina pang'ono. Mbale yachitsulo ija imachedwa kutentha, imachedwanso kuzizira, ndipo zambiri zimayaka n'kumazima zokha pofuna kusunga muyeso umodzi wa kutentha. Iwo ayenera kuyatsa asanayambe kutambasula ufa, apeze nambala imodzi yoyenera n'kukhala pomwepo, chifukwa akamasinthasintha, mbaleyo imayankha mochedwa ndipo amangosokonezeka. Chiwaya chikatentha mopitirira, achichotsepo kwa kanthawi kochepa, zimene pa hotipuleti zilibe vuto lililonse. Nawonso chiwaya cholemera chidzawathandiza, pakuti chimasunga kutentha nthawi imene mbale yazima.

Tsopano za ufa, chifukwa mwanena kuti simunasinthe kalikonse. Ndikupemphani kuti musinthe pang'ono, popeza pa magetsi ufa wofewa ndi umene umapirira. Pa magalamu 500 a ufa wa tirigu, thirani madzi ofunda pafupifupi mamililita 300, supuni yaing'ono ya mchere, ndi masupuni aakulu awiri kapena atatu a mafuta ophikira. Madziwo muzithira pang'onopang'ono, chifukwa ufa wina umamwa madzi ambiri kuposa unzake. Ufa wa atta, umene amagaya tirigu ndi madeya ake omwe, umamwa ambiri kusiyana ndi ufa woyera umene anthu a ku Kenya, ku Tanzania ndi kwathu amakonda kupangira chapati chamafuta. Kandani kwa mphindi pafupifupi khumi mpaka ufa usalale, ukhale wofewa moti chala chikulowa mosavuta koma osamata m'manja. Mukatero uvundikireni kwa mphindi zosachepera 30. Kudikira kumeneku anthu ambiri amakudumpha, koma n'kofunika kwambiri, chifukwa m'nthawi imeneyi ufa umamwa madzi mokwanira ndipo umamasuka, moti potambasula subwerera m'mbuyo. Ufa wosapuma umakukakamizani kukanikiza mwamphamvu ndi kuwaza ufa wouma wambiri, ndipo ufa woumawo ndi umene umakapserera pa chiwaya n'kulimbitsa chapati. Musatambasule mopyapyala kwambiri ngati pepala. Mamilimita awiri ndi okwanira, ndipo m'mphepete musapyapyale kuposa pakati.

Poika pa chiwaya, yang'anitsitsani masekondi 30 oyambirira, pakuti ndi amene adzakuuzani ngati moto uli bwino. M'nthawi imeneyi matuza ang'onoang'ono ayenera kuoneka pamwamba. Akachedwa kufika mphindi yathunthu, kwezani moto musanaike chapati chotsatira. Matuza akaoneka, tembenuzani, dikirani kuti kunsi kuchite mawanga ofiirira, pakani timafuta pang'ono ngati mukupanga chapati chamafuta, kenako tembenuzaninso. Ku India ambiri amamaliza poika chapati pa lawi la gasi kuti chifufume, koma inu mulibe lawi, choncho pindani kansalu koyera muzikanikiza nako m'mphepete modekha uku mukuzungulitsa. Nthunzi imene ili mkati imakankhidwira mbali zonse, chapati n'kufufuma, ndipo nthunzi imeneyo ndi imene imapsetsa mkati popanda kuumitsa. Samalani zala, chifukwa nthunziyo ikatulukira pa kabowo imawotcha. Ntchito yonse isapitirire mphindi ziwiri pa chapati chimodzi, ndipo musatembenuze kambirimbiri.

Chapati chikangochoka pa chiwaya, musachisiye pa mbale poyera. Yalani nsalu youma m'poto kapena m'chidebe chokhala ndi chivundikiro, muziikamo machapati mosanjikiza n'kumavundikira nthawi iliyonse, kuti nthunzi yawo iwafewetse, pamene nsaluyo ikumwa madzi amene akanawanyowetsa. Pakati pa chapati china ndi chinzake pukutani ufa wotsalira pa chiwaya, ndipo pa induction mungachepetse moto ndi nambala imodzi pamene mukutambasula china, n'kukwezanso poika, popeza sitovu imeneyi imamva msanga. Otsala akazizira muwasunge m'pepala la pulasitiki lomanga bwino, ndipo m'mawa muwawaze timadzi pang'ono n'kuwatenthetsa pa chiwaya chotentha kwa masekondi ochepa mbali iliyonse.