Kuzimitsa zokonza zokha pa kamera ya foni, zomwe zimatheka ndi zomwe sizitheka

Achemwali mwafunsa kuti mukajambula pa foni chithunzi chimaoneka bwinobwino kwa kasekondi kamodzi kenako chimasintha chokha, nkhope kusalala ngati ya chidole, makala a zovala kupitirira muyeso, nde mukufuna kudziwa poti mudine kuti zimenezi zitheretu. Mtundu wa foni simunatchule, nde ndiyankha za mafoni angapo inu mutengapo yanu.

Ndiyambe ndi mbali yosakoma: batani limodzi lozimitsa zonse kulibe, pa foni ina iliyonse. Anzathu omwe alemba m'mwambamu kuti ingozimitsani HDR (njira yomwe foni imaphatikiza zithunzi zowala ndi zamdima kuti mithunzi ichepe) basi akunena zoona koma pang'ono chabe. Chomwe chimatheka ndi kuchepetsa, ndipo nthawi zambiri kuchepetsako kumakwana ndithu bola mudziwe kuti chikukunyansani ndi chani kwenikweni, chifukwa chomwe chimasalaza nkhope ndi china, chomwe chimakometsa makala ndi china, chomwe chimachotsa mithunzi ndi chinanso, ndipo chilichonse chili ndi pake pozimitsira.

Chifukwa chake nchakuti sensa ya kamera ya foni, kachipangizo kokola kuwala kuseri kwa lenzi, ndi kakang'ono kwambiri, kuwala komwe imakola nkochepa. Komanso kadontho kalikonse ka pa sensa kamaona kala imodzi yokha, theka la timadonthoto timaona girini, totsalato tina redi tina buluu, njira imeneyi anaipeza Bryce Bayer wa ku Kodak ndipo patenti yake ndi ya 1976. Nde ngakhale kala ya malaya anu pa chithunzi ndi masamu omwe foni yachita, yaona madontho oyandikana nkuwerengera. Pamwamba pa izi mafoni a masiku ano sajambula kamodzi ayi. Mukangotsegula kamera imayamba kale kutenga zithunzi chamumtima, mukadina imatenga zingapo, zina zowala zina zamdima, nkuziphatikiza kukhala chimodzi. Google inayamba nazo mu 2013 ndi HDR+ pa mafoni a Nexus, Apple inabweretsa Smart HDR mu 2018 kenako Deep Fusion mu 2019. Kachithunzi kabwino kamene mumakaona kasekondi kamodzi kaja ndi kongogwirizira, foni imakhala ikadali kuphatikiza, ikamaliza imachotsa kaja nkuikapo chake chomwe iyo ikuganiza kuti nchokongola. Ndiye kusintha mukukunenako.

Yambani ndi za nkhope chifukwa ndi zomwe zimaononga kwambiri komanso ndi zosavuta. Tsegulani kamera, tembenuzirani ku selfie, yang'anani kachizindikiro ka nkhope kapena kandodo ka matsenga, penapake amalemba Beauty, pena Face retouch, pena Beautify. Tsitsani zonse pa 0, kusalaza khungu, kuyeretsa, kukulitsa maso, kuchepetsa chibwano. Mukatero bwererani ku kamera yakumbuyo mukachitenso chimodzimodzi chifukwa mafoni ambiri amasunga ma settings a kutsogolo ndi kumbuyo padera, komanso Portrait ndi Video nthawi zina zimakhala ndi zawo. Apa mpomwe anthu ambiri amagwa ulesi nkunena kuti sizinagwire. Pa Tecno, Infinix ndi itel, omwe onse ndi a kampani imodzi ya Transsion ya ku Shenzhen, kamera anaikonza dala kuti izijambula bwino khungu lakuda, zomwe nzabwino ndithu usiku kapena m'nyumba, koma Beauty yake ikakhala yoyatsa imapitirira mpaka munthu kuoneka wopaka mafuta oyeretsa. Zimitsani imeneyo, ndi HDR muichotse pa Auto. Pa Xiaomi ndi Redmi pamakhala kabatani ka AI, kakhale kozimitsa.

Ngati ndi Samsung muli ndi mwayi, ndi omwe amapereka mabatani ambiri ngakhale anawamwaza malo osiyanasiyana. Mu kamera dinani kagiya ka settings muzimitse Scene optimizer, imeneyi ndi yomwe imazindikira kuti mukujambula thambo, maluwa kapena munthu nkuonjezera makala mwa iyo yokha. Mwina mukukumbuka nkhani ya mwezi ya mu March 2023, munthu wina wa pa webusaiti ya Reddit anaika chithunzi cha mwezi chosaoneka bwino pa sikirini ya kompyuta, nkuchijambula ndi Galaxy ali patali mu chipinda cha mdima, foni nkutulutsa mwezi wa zigwa ndi mabanga omwe pa sikirinipo panalibe. Samsung inalongosola kuti ndi Scene optimizer yomwe imachita zimenezo ikazindikira mwezi, ndipo ukaizimitsa zimasiya. Pa ma Galaxy atsopanoko mulinso Intelligent optimization yomwe ili ndi Maximum, Medium ndi Minimum, ikani pa Minimum, muona kuti kusintha kuja kwachepa ndipo kamera ikujambula mwachangu. Kenako pali ka app kawo komwe ka Camera Assistant ka mu Galaxy Store, mmenemo ndi momwe anabisa kozimitsira Auto HDR, mulinso Picture softening yomwe mukaiyatsa imachepetsa kuthwa kwa mizere kuja komwe kumapangitsa tsitsi ndi masamba kuoneka ngati zodula ndi lumo. Sikagwira pa ma model onse, otchipa ambiri sakalola, koma yesani.

iPhone nde mutu weniweni. Pa XS, XR, 11, 12 ndi SE yachiwiri mukapita ku Settings kenako Camera mupeza Smart HDR nkuzimitsa. Kuyambira pa 13 batani limenelo analichotsa, ndipo Deep Fusion sinakhalepo ndi batani chiyambire. Ine ndimaona kuti apa Apple inalakwitsa, foni yagula ndiwe koma ikukuuza kuti mthunzi pa nkhope ya mwana wako suyenera kukhalapo. Chomwe chatsala ndi Photographic Styles, inabwera ndi 13 yomweyo mu 2021, sankhani Rich Contrast kapena tsitsani Tone mpaka mithunzi ibwerere, ndipo ikasankhidwa imakhalabe choncho mpaka mutaisintha. Sikuzimitsa ayi, ndi kuiuza foni kuti ikonze mwa mtundu wina, koma kwa anthu ambiri dandaulo limathera pomwepo. Night mode nayo imadziyatsa yokha, mukaizimitsa imabwereranso mawa lake pokhapokha mutalowa mu Preserve Settings nkuiuza kuti izikumbuka. Zosalaza nkhope zinawachitikirapo a Apple nawonso mu 2018 pa XS, anthu anadandaula kuti ma selfie akutuluka ngati opaka, mpaka anakonza mu iOS 12.1.

Pixel, foni ya Google, ndidutsa mwachangu: Face retouching ikhale Off, Ultra HDR mutha kuizimitsa mu Advanced, koma kuphatikiza zithunzi kuja nde moyo wake wa foniyo, sikuchoka.

Tsopano RAW, poti ndaona wina waitchula kale ngati mankhwala a zonse. RAW ndi fayilo yomwe imasunga zomwe sensa yaona foni isanapakepo zake, pa mafoni imakhala ya mtundu wa DNG omwe Adobe inatulutsa mu 2004. Pa Samsung ndi Xiaomi mumaipeza mu Pro mode, pa Pixel mu Advanced, pa iPhone za Pro kuyambira 12 Pro muli ProRAW. Koma chenjerani, si RAW iliyonse yomwe ili yosakhudzidwa. ProRAW ya Apple, Expert RAW ya Samsung ndi RAW ya Pixel zonse zimakhala zitaphatikizidwa kale kuchokera ku zithunzi zingapo, kungoti zimakusiyirani mpata waukulu wokonza nokha kuwala ndi makala. Yomwe imatenga chithunzi chimodzi chenicheni pa iPhone ndi app ya Halide, mu 2024 anaikamo Process Zero yomwe ntchito yake ndi yomweyi mukufunayi, koma ndi yolipira. Kamera ya mkati mwa Lightroom nayo imajambula DNG.

Pa Android pali Open Camera, yaulere, yopanda ma advert. Mukaiika pitani mu settings muyatse Camera2 API, mukatero mumatuluka gawo la Processing momwe mungazimitse Noise reduction ndi Edge mode, ziwiri zimenezi ndi zomwe zimasalaza nkuthwetsa. Kungoti zimatengera foni, wopanga foni ndi amene amasankha kuti ma app akunja afike pati, nde pa mafoni ena otchipa mupeza RAW mulibe ngakhale mutafufuza bwanji. Foni sinaonongeke, anangotseka.

Nde musanathamangire kumeneko dziwani zomwe mukugula. Chithunzi cha RAW mukachitsegula koyamba chimaoneka chofooka, makala ozizira, mu mdima muli timadontho ngati mchenga, thambo likawala kwambiri limangoyera mbuu osabwereranso. Zimene foni imabisa zija zimaonekera zonse. Masana panja chimatuluka chokoma kwambiri, khungu limaoneka khungu, ulusi wa nsalu umaoneka ulusi, koma usiku m'nyumba ndi getsi limodzi mudzaifuna Night mode yomwe mumaida ija. Chimadyanso malo, Apple yokha imati ProRAW ya 12MP (madontho 12 miliyoni) ndi pafupifupi 25MB ndipo ya 48MP ndi pafupifupi 75MB, pomwe chithunzi wamba ndi ma MB ochepa chabe. Ndipo simungangochitumiza, muyenera kuchitsegula kaye mu Snapseed kapena Lightroom, kukonza, nkuchisandutsa JPEG, mtundu wa chithunzi wamba. Kwa munthu wongofuna zithunzi za ana ndi za katundu wogulitsa ine sindingamulimbikitse RAW tsiku ndi tsiku, ndi ntchito. Pro mode yokha ndi JPEG imakwana, chifukwa pa mafoni ambiri ukalowa mu Pro HDR ndi zozindikira malo zija zimakhala pambali, iwe nkusiya zoyezera kuwala, ISO ndi shata, pa Auto, basi.

Kanthu kena kothandiza komwe sikafuna app: musanajambule dinani pa nkhope ya munthuyo pa sikirini, kenako tsitsani kadzuwa kamene kamatuluka pambalipo pang'ono. Mafoni amakonda kuwalitsa mopitirira, makamaka akaona khungu lakuda amaganiza kuti kwada nde amakweza kuwala mpaka munthu kutuwa. Mukatsitsa nokha foni imakhala ndi zochepa zoti "ikonze". Mukadina nkugwira kwa masekondi angapo imatseka focus ndi kuwala pamenepo, siisinthanso. Pukutaninso lenzi, mafuta a zala amapangitsa chifunga chomwe foni imalimbana nacho pothwetsa mizere. Ndipo zoom ya zala ija ipeweni, mukapitirira pomwe lenzi imathera foni imayamba kulota zomwe sikuziona, zilembo zakutali zimatuluka zopindika.

Za ma 50MP ndi 108MP, mwachizolowezi foni imaphatikiza madontho 4 kapena 9 kukhala limodzi nde chithunzi chimatuluka cha 12MP kapena kupitirira pang'ono. Mukasankha 50MP yonse pa mafoni ambiri kukonza kumachepako, masana zimathandiza, usiku ayi.

Onaninso kuti mlandu ndi wa kamera zoona. Ngati mukujambulira mkati mwa WhatsApp, Instagram, TikTok kapena Snapchat, ma app amenewa ali ndi zawo, TikTok ili ndi Retouch yake yomwe ma settings a kamera ya foni saikhudza. Ndipo chithunzi chikatumizidwa pa WhatsApp chimafinyidwa, nde ngati mukuweruza potengera chomwe mnzanu walandira mukuweruza WhatsApp osati kamera, sankhani HD kapena tumizani ngati document. Sikirini nayo imanama, Samsung imabwera ili pa Vivid, isintheni ikhale Natural mu Display muone ngati makala aja akadali opitirira.

Muzisintha chimodzi chimodzi, jambulani chinthu chomwecho pa malo omwewo musanasinthe ndi mutasintha, apo ayi simudziwa chomwe chathandiza. Mukalemba dzina la foni ndi model yake pansipa ndikuuzani malo enieni a mabataniwo, amasuntha ndi update iliyonse.