Makolo a amuna anga anachokera ku Myddle, ndiwafufuze bwanji?

Mayi wina wakwathu amene akukhala ku England wanditumizira imelo. Anakwatiwa ndi mwamuna wa komweko ndipo ali ndi ana. Akuti mbali ya kuchikazi anawo akuidziwa bwino, chifukwa agogo awo kumudzi amatchula mbumba yonse pamtima, koma mbali ya bambo awo nkhani imathera pa agogo. Apongozi awo amangokumbukira kuti makolo anachokera ku Myddle, mudzi wa m'chigawo cha Shropshire, ndiponso kuti ankagwira ntchito m'minda ya eni ake. Akufunsa kuti mabuku a tchalitchi cha kumeneko angawapeze kuti, nanga ndi okwanira kuti amange nawo mbiri ya banja?

Amayi, mabukuwo alipo ndipo muwapeza, koma musayambire pamenepo. Mukatsegula kaundula wa ubatizo wa zaka za m'ma 1700 mupezamo anthu ambiri a dzina la amuna anu, a John ndi a Thomas otsatizana, ndipo simudziwa kuti wanu ndi uti. Yambirani kwa apongozi anu akadali moyo. Khalani nawo pansi, afunseni maina a makolo awo, kumene anakwatirana, kumene anaikidwa, ndipo muwapemphe akuonetseni zithunzi ndi masetifiketi amene ali m'nyumba. Kuchokera apo muzibwerera m'mbuyo m'badwo umodzi umodzi.

Zaka zaposachedwa sizivuta. Boma linayamba kulemba obadwa, okwatirana ndi omwalira ku England ndi Wales pa 1 Julayi 1837. Mndandanda wa mainawo mungaufufuze mwaulere pa tsamba la pa intaneti la FreeBMD, ndipo setifiketi yeniyeniyo mumaitanitsa ku General Register Office, ofesi ya boma yosunga zolembazi. Setifiketi ya ukwati ndiyo ndimaikonda kwambiri chifukwa imatchula dzina ndi ntchito ya bambo wa mkwati komanso wa mkwatibwi, ndiye pepala limodzi limakukwezani m'badwo wathunthu. Ya kubadwa imapereka dzina la kwawo la mayi. Dziwani kuti chisanafike chaka cha 1875 ana ena sankalembetsedwa, choncho wina akasowa musafulumire kunena kuti kunalibe munthu wotero.

Pambali pa izi pali kalembera wa zaka khumi zilizonse. Wa 1921 ndiye waposachedwa amene anatsegulidwa. Wa 1931 anapsa ndi moto mu 1942, ndipo mu 1941 sanawerenge anthu chifukwa cha nkhondo, kotero mpatawo umatsekedwa ndi kaundula wa pa 29 Sepitembala 1939. Kwa inu wofunika kwambiri ndi wa 1851, chifukwa ndi woyamba kulemba parishi imene munthu aliyense anabadwira. Nkhalamba ya zaka 70 mu 1851 inabadwa cha m'ma 1780, ndipo ikukuuzani yokha tchalitchi chimene mukafufuze. Wa 1841 muzimusamala: zaka za akuluakulu ankazitsitsa kuti zithere pa 5 kapena 0, ndipo ankangofunsa ngati munthu anabadwira m'chigawo chomwecho. Pofufuza pa intaneti yesaninso kulemba Middle, chifukwa m'mapepala ambiri akale mudziwu unkalembedwa chomwecho.

Mukabwerera kumbuyo kwa 1837 ndiye mwafika pa mabuku munafunsa aja. Thomas Cromwell, nduna ya mfumu ya England ya nthawi imeneyo, ndiye analamula mu 1538 kuti parishi iliyonse izilemba maubatizo, maukwati ndi maliro. Mabuku akale a matchalitchi a m'derali amasungidwa ku Shropshire Archives mu mzinda wa Shrewsbury, ndipo zithunzi zake zambiri zili pa tsamba la pa intaneti la Findmypast. Malaibulale ambiri a ku England amalola kugwiritsa ntchito masamba oterewa osalipira, ndiye funsani kaye ku laibulale yanu musanatulutse ndalama.

Zimene mungapezemo zimasiyana ndi nthawi. Kuyambira 1813 mabuku anali osindikizidwa kale mizere: pa ubatizo pamalembedwa ntchito ya bambo ndi kumene banja likukhala, pa maliro zaka za womwalira. Kuyambira 1754 maukwati anali ndi buku lawolawo, okwatirana ankasaina kapena kuika chizindikiro cha X, ndipo mboni zinkalembedwa. Mbonizo muziziyang'anitsitsa, kawirikawiri amakhala mchimwene kapena mlamu, ndipo ndi zimene zimasiyanitsa Thomas wanu ndi Thomas wa banja lina. Kumbuyo kwa zaka zimenezi wolemba ankangoika zimene wafuna, nthawi zina dzina la mwana ndi la bambo basi, ndipo m'mabuku akale kwambiri mupezamo Chilatini. Palinso msampha wa kalendala. Mpaka 1751 chaka ku England chinkayamba pa 25 Malichi, kotero mwana wolembedwa kuti anabatizidwa mu Febuluwale 1720 anabatizidwa patatha miyezi iwiri kuchokera mu Disembala 1720. Anthu ambiri amasokoneza ana ndi maukwati chifukwa cha chimenechi.

Tsamba likang'ambika kapena likafufutika, pali pothawira. Kuyambira 1598 maparishi ankatumiza makope a kaundula kwa bishopu. Myddle inali pansi pa dayosizi ya Lichfield, ndipo mapepala a dayosiziyi tsopano ali ku Stafford, osati ku Shrewsbury. Mawilo (zikalata zonena mmene chuma cha munthu chidzagawidwire akamwalira) a anthu a m'derali a chisanafike 1858 alinso m'gulu lomwelo, popeza nthawi imeneyo nkhani za chuma cha masiye zinkaweruzidwa ndi makhoti a mpingo.

Tsopano gawo lachiwiri la funso lanu, ngati mabuku a tchalitchi ali okwanira. Sali okwanira, makamaka kwa anthu onga makolo a amuna anu. Antchito a m'minda sankakhazikika. Mnyamata ankalembedwa ntchito pa famu kwa chaka chimodzi, chaka chinacho n'kupita kwina, ndipo mkazi ankampeza kumene wagwirako ntchito. Banja limene mukuti ndi la ku Myddle mwina linabatiza mwana woyamba ku Baschurch, wachiwiri ku Loppington, wachitatu ku Wem. Tengani mapu, zungulizani maparishi onse oyandikana nawo, ndipo muwafufuze onse. Enanso anasiya Anglican n'kulowa Methodist, ndipo ana awo ali m'mabuku a tchalitchi chimenecho. Ambiri a mabuku oterewa a chisanafike 1837 ali ku National Archives ku Kew.

Chimene ndikufuna muchigwiritse ndi ichi: munthu wosauka wa ku England anasiya mapepala ambiri kuposa mmene anthu amaganizira, ndipo ndi m'mapepala amenewo momwe mungamumve akulankhula. Kuyambira 1601 parishi iliyonse inali ndi udindo wosamala osauka ake ndi msonkho wa anthu a pamalopo. Motero parishi sinkafuna kudyetsa mlendo. Lamulo la 1662 linakhazikitsa kuti munthu aliyense ali ndi parishi imodzi yoyenera kumuthandiza, ndipo akagwa m'mavuto kwina ankatha kubwezedwa kwawo mokakamiza. Asanambweze ankamuimika pamaso pa oweruza n'kumulumbiritsa kuti afotokoze moyo wake: kumene anabadwira, mafamu amene anagwirako chaka chathunthu, malipiro ake, kumene anakwatira, maina ndi zaka za ana ake. Pepala limeneli pa Chingerezi amati settlement examination, ndipo ndilo dzina loti mulembe pofufuza m'ndandanda wa ku Shropshire Archives. Limodzi lokha likhoza kukupatsani zimene maubatizo khumi sangakupatseni.

M'bokosi la parishi munkasungidwa mabuku a oyang'anira osauka, olemba amene anapatsidwa malasha, nsapato kapena ndalama ya bokosi la maliro. Mapangano opereka ana amasiye kwa alimi kuti akaphunzire ntchito. Ndi zikalata zokakamiza mwamuna kulipirira mwana wobadwa kunja kwa ukwati. Chikalata chomalizachi nthawi zina ndicho chokha chotchula bambo wa mwana amene buku la ubatizo linangomulemba ndi dzina la mayi. Si parishi iliyonse imene mapepalawa anapulumuka, ndiye onani kaye m'ndandanda. Kuyambira 1834 maparishi anaphatikizidwa m'magulu okhala ndi nyumba imodzi yosungiramo osauka, ndipo zolemba zinasamukira kumeneko. Ndikuchenjezeni, Amayi, kuti izi zimawawa kuwerenga. Mukapeza agogo a agogo a ana anu akuthamangitsidwa m'mudzi ali ndi pakati, muganizire kaye mmene mungawauzire apongozi anu.

Mukafuna kuona pamene nyumba yawo inali, funsani mapu a chakhumi. Lamulo la 1836 litasintha chakhumi cha mpingo kuchoka pa zokolola kukhala ndalama, minda ya maparishi ambiri inajambulidwa, munda uliwonse ndi nambala yake, ndipo buku lotsagana nawo limatchula mwini malo ndi wokhalapo. Mukaika mapuwa pambali pa kalembera wa 1841 nthawi zambiri mungathe kuloza kanyumba kenikeniko n'kupita ndi ana kukaona malowo.

Pa Myddle penipeni muli ndi mwayi umene maparishi ena alibe. Cha m'ma 1700 ndi 1701 mlimi wina wa komweko, Richard Gough, analemba mbiri ya parishiyi motsata mipando ya m'tchalitchi: amatenga mpando umodzi, n'kufotokoza banja lokhalapo, maukwati ake, ngongole zake, ngakhale uchidakwa ndi milandu. Bukuli linasindikizidwa ndipo limapezeka. Dzina la amuna anu likapezekamo mudzasangalala, koma musalumphe zaka zapakatipo n'kunena kuti ndi anu. Chimodzimodzinso mindandanda ya makolo imene anthu amaika pa tsamba la pa intaneti la Ancestry: ambiri amangokoperana zolakwika. Muziitenga ngati mphekesera yoti mukatsimikize nokha, ndipo pa dzina lililonse limene mwalowetsa muzilemba pepala limene mwalionapo ndi kumene likusungidwa. Musanapite ku Shrewsbury onani masiku amene amatsegula, sungitsani malo, ndipo mutenge pensulo, chifukwa cholembera cha inki salola m'chipinda chowerengeramo.