Za pool yomwe mwapeza panyumba ku Melbourne: yambani ndi geti

Achemwali, zabwino zonse pogula nyumba. Mwafunsa kuti kalata ya khonsolo yonena za kulembetsa pool ndi satifiketi ya mpanda ikufuna chiyani, komanso ngati ka pool kopopa mpweya kamene mukufuna kugulira ana m'December muno nakonso kali ndi malamulo. Ine ndinadutsamo kale, ndipo ulendo woyamba ndinalakwa mayeso ake, ndiye ndikuuzeni zomwe ndinaona.

Kuno ku Victoria, chigawo chimene muli mzinda wa Melbourne, malamulo amenewa anayamba pa 1 December 2019. Mwini malo aliyense amene ali ndi pool kapena spa yoti imatha kusunga madzi akuya kupitirira masentimita 30 amayenera kuilembetsa kukhonsolo ya dera lake. Onse amene anali nazo kale anapatsidwa mpaka pa 1 November 2020, choncho n'kutheka kuti amene anakugulitsani nyumbayo analembetsa kale. Musangoganizira. Imbani kukhonsolo, muwauze adiresi, akuuzani ngati ili m'kaundula, chaka chomwe iwo amati inamangidwa, ndi tsiku lomwe satifiketi yotsatira ikufunika. Chaka chimenecho n'chofunika kwambiri chifukwa mpanda wanu adzauyeza ndi malamulo a nthawi yomwe pool inamangidwa, osati a lero ayi. Mwachitsanzo, pool yapanja yomangidwa kuyambira pa 1 May 2010 siiloledwa kukhala ndi chitseko cha m'nyumba chotulukira molunjika kumadzi, pomwe zina zakale zinaloledwa bola chitsekocho chikhale choti mwana sangatsegule.

Satifiketiyo imatchedwa Form 23, ndipo imaperekedwa zaka 4 zilizonse. Mumaitana nokha woyendera wovomerezeka, mumamulipira nokha, akakhutira amakulemberani, kenako inuyo mumaipereka kukhonsolo masiku 30 asanathe. Apa ndi pomwe anthu ambiri amagwa. Amaisunga bwinobwino mu envelopu limodzi ndi mapasipoti, poganiza kuti woyendera uja watumiza yekha, masiku n'kutha, n'kuyambanso kulipira kachiwiri.

Tsopano pa mpanda penipenipo. Pa pool zambiri za masiku ano miyeso ndi iyi: mpanda utalike mamita 1.2 kuchokera pansi, mpata wa pansi usapitirire masentimita 10, ndipo mipata ya pakati pa zitsulo nayonso isapitirire masentimita 10. Ngati mbali imodzi ndi mpanda wa m'malire ndi aneba, umenewo nthawi zambiri umafunika mamita 1.8. Zenera la m'nyumba loyang'ana ku pool lisamatseguke kupitirira masentimita 10, apo ayi liikidwe zotchinga. Tengani tepi, muzungulire nokha Loweruka m'mawa musanaitane munthu. Muyang'anitsitse malo omwe anathira dothi la maluwa kapena matabwa atsopano m'mphepete mwa mpanda. Nthaka ikakwera, mpanda umafupika ngakhale palibe amene waukhudza.

Koma chimene chimagwetsa anthu ndi geti. Liyenera kutsegukira kunja, kutali ndi madzi, lizidzitsekera lokha n'kukhoma lokha popanda munthu kulikankha. Kwathu ndinkalitsegula lonse, n'kulisiya, limvekere phwa! Ndinati basi, tili bwino. Bambo woyendera uja atafika sanalitsegule lonse ayi. Anangolitsegula pang'ono, mpata wa zala ziwiri, n'kulisiya. Geti linangoima pomwepo ngati likuganiza. Anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana pansi. Sipuling'i ya m'mahinjesi inali itafooka ndi dzuwa, ndipo mphamvu yokhoma inkabwera pokhapokha geti likathamanga kuchokera patali. Yesani lanu choncho: lotsegula lonse, lotsegula theka, ndi longotsamira pa loko. Malo onsewo likhome lokha. Chotsegulira chake chikhale mamita 1.5 kuchokera pansi, kapena chikhale mkati motchingidwa moti kadzanja ka mwana sikangafikeko.

Chachiwiri chimene anandigwira nacho n'chochititsa manyazi. Mayi a kunyumba anali atandandalika miphika ya maluwa m'mbali mwa mpanda, ine ndinaikaponso chowotchera nyama. Zonsezo kwa mwana wa zaka ziwiri ndi makwerero. Lamulo limafuna kuti pa mtunda wa masentimita 90 kunja kwa mpanda pasakhale chopondapo chilichonse: mpando, mphika, nthambi ya mtengo, mpope wa madzi wotulukira kukhoma, ngakhale bini. Zimenezi kuchotsa kwake ndi kwaulere, ndiye n'zopweteka kulipira ulendo wachiwiri chifukwa cha mphika wa maluwa. Woyendera akapeza zolakwika zing'onozing'ono amatha kukupatsani masiku osapitirira 60 kuti mukonze, abwerenso. Zikakhala zoopsa kwambiri amauza khonsolo nthawi yomweyo, ndipo khonsolo ili ndi mphamvu zolipiritsa chindapusa.

Za ka pool kopopa kaja, yankho likudalira mtundu wake. Lamulo siliyang'ana mtengo womwe mwagulira kapena kuti mwathiramo madzi ochepa. Likuyang'ana ngati kangathe kusunga madzi opitirira masentimita 30. Ngati kangathe, komanso ndi ka zigawo zingapo zochita kulumikiza, kamafuna mpanda wake, ndipo kakakhala koimika masiku 3 otsatizana kapena kupitirira kamalembetsedwanso; koma kakang'ono kongopopa mpweya basi, kopanda zolumikiza, malamulo a mpandawa sakakhudza. Ineyo ndingakulangizeni kuti mugule kosaya kwenikweni, ana akamaliza kusewera mutaye madzi, mukazondotse. Amene muli pa lendi mukuwerenga izi, olembetsa ndi eni nyumba, koma kuonetsetsa kuti geti ndi lotseka tsiku ndi tsiku ndi kwa inu okhalamo, ndipo musaimike pool yaikulu musanawafunse. A ku Sydney ndi Brisbane, zanu n'zosiyana pang'ono: ku New South Wales satifiketi imakhala zaka 3 ndipo imafunika pogulitsa kapena pochititsa lendi nyumba, ku Queensland ndi zaka 2 pa pool ya banja limodzi, ndipo konseko chikwangwani cha CPR, chosonyeza mmene mungatsitsimutsire munthu amene wasiya kupuma, chimafunika pafupi ndi madzi.

Chinthu chimodzi chimene woyendera sadzachiona ndi tsiku la phwando. Mukudziwa mmene timachitira ife tikasonkhana pa Khrisimasi kapena pa 6 July. Wina wanyamula poto wa nsima, wina mbale za nkhuku, geti likuvuta kudzitsekatseka, ndiye wina amaliikira mpando kuti likhale lotsegula. Ana ali khumi pabwalo, aliyense akuganiza kuti mnzake akuwaona. Mwana akamamira sakuwa, salira, amangolowa phee, nyimbo zikulira. Kwathu tinagwirizana kuti chakudya chonse chizikhala kunja kwa mpanda, ndipo munthu wamkulu mmodzi amakhala pamadzi foni ili m'thumba, pakapita mphindi 20 wina n'kumulandira. Alamu anga poyamba ankaseka kuti ndasanduka wapolisi, pano ndi iwo amene amakumbutsa kuti nthawi yosinthana yakwana.

Mukayendera mpanda wanu Lowerukalo, jambulani geti, mahinjesi ndi mbali ya aneba, muponye zithunzizo pansi apa, tikuthandizeni kuona musanalipire munthu.