David Taylor ndi anyamata ake atsopano: Penn State sikugwa mu nyengo ya 2025–26

Achimwene, funso lanu ndaliona. Mwati popeza David Taylor, mphunzitsi wa timu ya masewera olimbana (wrestling) ya koleji ya Oklahoma State ku America, wakokera anyamata otchuka ku timu yake, akuti Lockett, Vega, Robideau ndi Jax Forrest, kodi nyengo ya 2025–26 si imene Penn State itsike pampando? Ndikulemba izi nyengoyo isanayambe, ndipo yankho langa ndi ayi. Taylor ndimamukonda, ndipo ntchito imene wagwira chaka chimodzi chokha ndi yogometsa, koma chikho cha NCAA, mpikisano waukulu wa makoleji a ku America, sichipita kwa amene ali ndi mayina okoma pamndandanda wa ana ochokera ku sekondale. Chimapita kwa amene watolera mapointi ambiri m'masiku atatu a mwezi wa March, ndipo masamu ake ndi ouma.

Tiyambe ndi masamuwo, chifukwa ambiri m'gulu muno timakangana tisanawaone. Masikelo, kapena kuti magulu a kulemera, alipo 10, kuyambira mapaundi 125 mpaka 285, ndipo pa sikelo iliyonse pamalowa anthu 33. Amene wathera m'gulu la asanu ndi atatu oyambirira amatchedwa All-American. Woyamba amapatsa timu yake mapointi 16, wachiwiri 12, wachitatu 10, kumatsika choncho mpaka wa nambala 8 amene amabweretsa 3. Pamwamba pake pali pointi imodzi pa gemu iliyonse imene munthu wapambana akupita chakufainolo, theka la pointi akamapambana kumbali ya ogonja kale, ndiye ma bonus: 2 akamupanikiza mnzake mapewa onse pansi, 1.5 akamusiya ndi mapointi 15, ndi 1 akamusiya ndi 8 kapena kuposera. Ndiye kuti katswiri mmodzi, popanda bonus, amabweretsa 20. Anyamata awiri amene athera pa nambala 3 amabweretsa zoposa pamenepo, ngakhale palibe amene adzawajambule atanyamula chikho.

Tsopano onani zimene zinachitika ku Philadelphia mu March 2025. Penn State inapeza 177, chiwerengero chimene palibe timu inafikapo m'mbuyomo, kuphwanya 172.5 imene iwo omwe anaika ku Kansas City mu 2024. Nebraska inali yachiwiri ndi 117, Oklahoma State yachitatu ndi 102.5, Iowa yachinayi ndi 81. Chodabwitsa n'chakuti Penn State ndi Oklahoma State zinali ndi akatswiri ofanana, awiri awiri. Mpata wa 74.5 unachokera kuti? Anyamata onse 10 a Cael Sanderson, mphunzitsi wa Penn State, anakhala ma All-American, chinthu chimene chinachitikapo kamodzi kokha, ndi Minnesota mu 2001, ndipo asanu mwa iwo anathera pa nambala 3. Kuti Taylor atseke mpata umenewo akufunika akatswiri ena pafupifupi anayi, komanso Penn State ingokhala chiimire kumudikira.

Ulemu wake timupatse ndithu. Analowa ntchito mu May 2024, John Smith atapuma patatha zaka 33, iye asanaphunzitsepo timu ya koleji n'kamodzi komwe. Anali atangogonja kwa Aaron Brooks pa mpikisano wosankha opita ku Olympics ya ku Paris, ndipo ambiri ankati munthu amene wakulira m'manja mwa Sanderson sangazolowere ku Stillwater, kwawo kwa Oklahoma State. Chaka chisanathe, Dean Hamiti anagonjetsa Levi Haines wa Penn State mu semifainolo ya 174, n'kukatenga chikho kwa Keegan O'Toole wa Missouri mu nthawi yoonjezera. Wyatt Hendrickson anachotsa Greg Kerkvliet, wa Penn State yomweyo, n'kukakumana ndi Gable Steveson, mwini mendulo yagolide ya ku Tokyo, amene palibe anamugwetsapo nyengo yonseyo. Amene simunaonere gemu imeneyi ipezeni pa YouTube. Hendrickson ankatsalira 4–2, kutatsala masekondi pafupifupi 20. Anadziponya pamwendo wa Steveson, Steveson akuyesa kuuzula, iye osausiya, kukankha mpaka chimunthu chija chinagwa. Mapointi atatu, 5–4. Kenako anamukakamira pamsana mpaka nthawi inatha, bwalo lonse litaimirira. Ndikumvetsa chifukwa chake a Cowboys, inu otsatira Oklahoma State, mwayamba kulota.

Vuto n'lakuti anthu amene anakulotetsaniwo anapita. Oklahoma State inali ndi ma All-American asanu ndi mmodzi, ndipo asanu anali m'chaka chawo chomaliza: Hendrickson, Hamiti, Dustin Plott, Caleb Fish ndi Cameron Amine. Watsala ndi Troy Spratley yekha, amene anafika fainolo ya 125 n'kugonja kwa Vince Robinson wa NC State. Komanso mwa asanuwo, anayi anali obwera: Hendrickson anachokera ku Air Force, Hamiti ku Wisconsin, Fish ku Michigan State, Amine ku Michigan. Taylor anawanola, palibe angakane, Hamiti sanafikepo fainolo ali ku Wisconsin. Koma anali amuna okhwima kale, odziwa kale kutentha kwa mpikisano wa NCAA. Mapointi awo sanasiyire munthu, aliyense amene akulowa m'malo mwawo akuyambira pa ziro.

Obwera atsopano alipo, ndipo ena ndi abwino. Richard Figueroa anatenga chikho cha 125 mu 2024 ali ku Arizona State, koma sikelo imeneyo pali Spratley, ndiye mmodzi ayenera kukwera ku 133 kumene anthu ake ndi amphamvu zina. Casey Swiderski wochokera ku Iowa State anali All-American pa 149 mu 2024, kenako kuvulala kunamudyera nyengo yathunthu. Alex Facundo ndi Zack Ryder achokera ku Penn State. Apa pokha ganizirani bwino: anyamata amene Taylor akuwadalira pa 174 ndi 184 ndi omwe analibe malo okhazikika mu timu yoyamba ya Sanderson. Sindikuwanyoza, Ryder ndi mwana woopsa, koma izi zikukuuzani kuti kuseri kwa timu ya Penn State kwadzaza bwanji.

Tibwere kwa ana amene mwawatchulawo. LaDarion Lockett ndi mwana wa ku Stillwater konko, Sergio Vega wa ku Tucson, Arizona, Landon Robideau wa ku Minnesota. Onse anali pamwamba pa mindandanda ya kalasi ya 2025, ndipo sindikukayika kuti ena mwa iwo adzanyamula chikho tsiku lina. Chimene mindandanda sionetsa ndi zimene zimachitika mwana akagwada pansi. Ambiri mwa anawa amatchuka ndi freestyle, kalimbanidwe ka ku Olympics, kumene ukagwetsedwa umangodziyala chafufumimba, masekondi ochepa refa n'kukudzutsani nonse. Kukoleji kulibe chifundo chimenecho. Gemu ndi ya mphindi 7, chigawo choyamba 3, zinazo 2 ndi 2, ndipo m'zigawo ziwiri zomalizazo munthu amasankha kuyambira pansi, pamwamba kapena choimirira. Ukasankha pansi, mnzako wa zaka 23 amakukhala pamsana, dzanja lina m'chiuno, lina lagwira dzanja lako, mwendo wake walowa pakati pa miyendo yako. Ukuti udzuke, akubweza pansi. Ukuti utembenuke, chipumi chili pamphasa. Wotchi ya riding time, yowerenga nthawi imene wakukhala pamsana, ikungoyenda, ndipo ikakwana mphindi imodzi wapereka pointi, pamene iwe ija yothawira sunaipeze. Mpweya watha, khosi lalemera, ndipo mawa lake m'mawa ukwerenso sikelo. Izi n'zimene zimadya ana a chaka choyamba mu January ndi February, pamene thupi latopa ndi kudula kulemera sabata ndi sabata.

Taylor mwini wake akuzidziwa kuposa tonsefe. Mu 2011, nyengo yake yoyamba kupikisana ku Penn State, anafika fainolo ya 157 asanagonjepo gemu ndi imodzi yomwe. Bubba Jenkins wa Arizona State, amene anali atachoka ku Penn State komweko, anamupinda n'kumupanikiza mapewa pansi. Ameneyu ndi David Taylor, amene anadzatenga zikho ziwiri za NCAA, Hodge Trophy (mphoto ya wolimbana woposa onse m'makoleji) kawiri ndi golide wa Olympics, ndipo anali atakhala kale chaka chathunthu cha redshirt (chongophunzira ndi timu osaipikisanira) akukhwima. Mwana wa chaka choyamba akhoza kudabwitsa, zimachitika, Luke Lilledahl wa Penn State anathera pa nambala 3 mu 2025 atangochoka ku sekondale. Koma kuwerengera kuti atatu kapena anayi achite zimenezo nthawi imodzi, kumeneko n'kupemphera.

Za Jax Forrest ndinene padera. Mnyamatayu ndi wina: mu 2025, akadali pa sekondale ya Bishop McCort ku Pennsylvania, analowa timu ya akuluakulu ya America pa makilogalamu 61. Kumutulutsa m'boma la Pennsylvania, pakhomo pa Sanderson, ndi chigoli chachikulu kwambiri chimene Taylor wagoletsa mpaka pano. Koma ndi wa kalasi ya 2026, ndipo lonjezo la mwana wa sekondale musamaliike m'thumba asanafike. Funsani a Iowa. Bo Bassett, mnzake wa Forrest pa sukulu yomweyo, analengeza mu February 2025 kuti akupita kwa Tom Brands, mphunzitsi wa Iowa, anthu n'kuvina, miyezi ingapo yokha n'kusintha maganizo. Fodya ndi uyu ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Sindikuti Forrest athawa, ndikungoti mapointi ake sitinayambe kuwawerenga.

Nanga mbali inayo yataya ndani? Atatu: Carter Starocci, munthu yekhayo amene watenga zikho zisanu mu Division I (gawo lapamwamba la NCAA), Beau Bartlett ndi Kerkvliet. Asanu ndi awiri abwerera, onse ma All-American: Lilledahl, Braeden Davis, Shayne Van Ness, Tyler Kasak, Mitchell Mesenbrink, Levi Haines ndi Josh Barr. Mesenbrink yekha ndi makina a bonus, sakhutira ndi kupambana ndi mapointi awiri, amangogwetsa, kumasula, kugwetsanso mpaka refa aimitse gemu. Pa 184 pamene wachoka Starocci pabwera Rocco Welsh wochokera ku Ohio State, yemwe uja anafika fainolo ya 174 mu 2024 ali chaka choyamba n'kugonja 2–0 kwa Starocci yemweyo. Ndipo ngati tikuyerekeza ana atsopano, Penn State yatenga Marcus Blaze wa ku Ohio, PJ Duke wa ku New York amene anagonjetsa Yianni Diakomihalis mu 2025 pa Final X, mpikisano wosankha timu ya America, komanso Masanosuke Ono wa ku Japan, katswiri wa dziko lonse wa 2024 pa makilogalamu 61. Ono adzafunika nthawi kuti aphunzire kulimbana kwa pansi kumene ndanena kuja, chifukwa kwawo sasewera choncho. Kusiyana kwake n'kwakuti Sanderson akhoza kumudikira. Iye sakupemphera kuti mwana uyu andipulumutse, mutu wake ndi wakuti mwa anyamata awiri oopsa akhale pabenchi ndani. Dzenje lenileni limene ndikuliona kwa iwo ndi pa 285 basi.

Pali chinthu chimodzi chimene chikukomera Taylor, ndipo anthu sakuchikamba mokwanira. Kale timu inkaloledwa ma scholarship 9.9 okha, koma inkatha kusunga anyamata ochuluka m'chipinda chophunzirira. Chigamulo cha mlandu wa House, umene osewera anasumira NCAA, chimene woweruza anavomereza mu June 2025, chachotsa malire a ma scholarship kwa masukulu amene alowa m'dongosololi n'kuika malire a anthu 30 pa timu. Onjezerani transfer portal, njira yosamukira ku sukulu ina, ndi ndalama za NIL, zimene wosewera amapeza ndi dzina lake. Mnyamata amene ali wachiwiri pa sikelo yake ku State College, kwawo kwa Penn State, sakhalanso zaka zitatu akudikira, amanyamula chikwama. Aliyense wotuluka kumeneko amadziwa kuti ku Stillwater kuli munthu wophunzitsa kalimbanidwe komwe kaja, wokhala ndi sukulu ya zikho 34, zochuluka kuposa ina iliyonse, imene yakhala ndi njala chiyambire 2006. Facundo ndi Ryder ndi oyamba chabe. Apa ndi pamene mpata ungachepe, pang'onopang'ono.



Ndiye ndikuona chonchi. Ku Cleveland mu March 2026 Penn State itenga chikho chachisanu motsatizana, cha nambala 13 pansi pa Sanderson. Nkhondo yeniyeni ili pa nambala 2, pakati pa Oklahoma State, Nebraska, Iowa ndi Ohio State, ndipo Taylor akaipeza nambala imeneyo ndi timu ya ana, wachita zazikulu kuposa chaka chatha ngakhale akatswiri atachepa. Mukafuna kudziwa msanga kumene zikulowera, yang'anani masikelo a 141, 157 ndi 165 miyezi ya November ndi December. Lamulo limalola mwana wa chaka choyamba kupikisana masiku asanu osataya redshirt yake. Mukaona Vega, Robideau ndi Lockett adutsa masiku asanuwo akadali mu timu yoyamba, dziwani kuti Taylor waona zokwanira m'chipinda chophunzirira ndipo akufuna mapointi awo chaka chomwe chino. Akawabweza, ndiye kuti maso ake ali pa 2027, pamene Forrest adzakhale atafika ndipo Haines atamaliza.