Mphwanga, buku la Kesey uliyerekeze ndi la Goffman

Moni nonse pagulu pano. Iwe mphwanga, uthenga wako ndauona m'mawa koma ndinali kudimba, ndiye ndangoti ndijambule mawu. Wati ku koleji akuuzani kuti muyerekeze One Flew Over the Cuckoo's Nest ndi nkhani ina yofanana nayo, ndipo iwe ukufuna kutenga 1984 ya George Orwell. Ine ndikuti imeneyo isiye kaye. Anzako ambiri athamangira komweko, komanso mphamvu zake n'zosiyana. Kwa Orwell boma limakugwira ndi apolisi, kukuzunza mpaka ugonje. Kwa Ken Kesey, yemwe anatulutsa One Flew Over the Cuckoo's Nest mu 1962 atagwirako ntchito usiku pachipatala cha asilikali akale ku Menlo Park, mphamvu ili m'manja mwa Nurse Ratched, namwino wolankhula motsitsa, yunifolomu yoyera mbee.

Pali malo amodzi ndikufuna uwerenge kawiri. McMurphy, mkaidi uja, anadzipengetsa dala kuti athawe ntchito yakalavulagaga kundende n'kutumizidwa kuchipatala cha amisala, eti? Ndiye tsiku lina amva kuti anzake ambiri m'wodimo anabwera okha, atafuna akhoza kusaina n'kumapita kwawo. Koma sapita. Ine nditafika pamenepo ndinatseka buku kaye, mtima unandiwawa. Chowamanga ndi manyazi. Pali kabuku kamene odwala amalemberamo zinsinsi za anzawo, kenako pamsonkhano namwino n'kuziulula, iwo n'kumajomphana okhaokha ngati nkhuku. Billy Bibbit, mnyamata wachibwibwi uja, sanamenyedwe ndi munthu. Anangouzidwa kuti mayi ake amva zomwe wachita, basi, n'kudzipha.

Ndiye pambali pake ika Asylums, buku la Erving Goffman la 1961. Iyeyu anakhala pafupifupi chaka akuonerera moyo wa odwala pachipatala cha St. Elizabeths ku Washington. Mfundo yake ndi yakuti ndende, kambi ya asilikali, chipatala cha amisala, ngakhale sukulu yogonera konko, zimayenda mofanana: kugona, kudya, kugwira ntchito, zonse pamalo amodzi pansi pa ulamuliro umodzi. Ukangolowa akulanda zovala zako, akumeta, akuuza nthawi yodzuka. Iwe unaphunzira kubodingi, ukudziwa kuti amene ankakuopsa kwambiri sanali ahedi, anali pulifekiti mnzako wokhala ndi kope. Yambira pamenepo.

Aphunzitsi akafuna chitsanzo chachiwiri, tchula kafukufuku wa Philip Zimbardo ku yunivesite ya Stanford mu 1971, pomwe ophunzira anagawidwa kukhala akaidi ndi alonda, n'kuimitsidwa patatha masiku 6 m'malo mwa masabata awiri. Koma unene kuti akatswiri ambiri anautsutsa, poti alondawo ankalimbikitsidwa kuchita nkhanza.

China, chonde usadalire filimu ya 1975 ija ya Jack Nicholson. Mufilimu McMurphy ndiye mwini nkhani, pomwe m'buku wofotokoza ndi Chief Bromden, amene amadziyesa wosamva ndi wosalankhula, n'kumasesa m'makhonde akumva zonse. Ndipo usaope kumudzudzula Kesey. Bwanji nkhanza zonse anazisenzetsa mzimayi ndi antchito atatu akuda, pomwe dokotala wamwamuna akungooneka wofatsa? Funso limenelo ulipatse ndime yakeyake.

Ukalemba tsamba loyamba unditumizire, ndiliona Loweruka. Uwapatse moni amayi ako.